Kamzere Kochekedwa ndi Tupa

1. Chenjezo la a Makutu

"Injini ili umuyi si ya galimoto ino ayi. Undimvetsere bwino, mwana iwe, chifukwa mawa sindikhalapo."

Anatero a Makutu, dzanja lili pa boneti ngati munthu wogwira mwana wodwala pamphumi. Linali Lachinayi masana. Sipanala anali atakhala pa tayala lakale pakhomo la galaja, foni ili m'manja.

Dzina lakuti Sipanala analipeza ali wamng'ono, pamene ankakwawira pansi pa magalimoto kukapatsira bambo ake zida. Tsopano anali mtsikana wa zaka khumi, zisanu ndi zinayi. Sukulu anali atamaliza, laisensi anali nayo, koma bambo analibe. Panali patatha miyezi isanu chiwaikireni m'manda. Mayi ake anatsogola kalekale. Anzake anali atabalalika, wina ku koleji, wina ku ntchito kutali. M'nyumba anatsala iye ndi agogo ake, ndipo m'galaja munatsala pikapu yakale yobiriwira, ya chitseko chotseguka ndi kunja kokha.

A Makutu anali makaniko wokalamba, mnzawo wa malemuwo pa ntchito. Anthu anawapatsa dzinali chifukwa ankadziwa matenda a injini pongoimva phokoso. Koma maso anali atachita ng'ala, ndipo mawa lake ankapita ku chipatala kukachotsa.

"Galimoto iyi inabwera ndi injini yakeyake, inde," anapitiriza. "Imeneyo inafa iwe usanabadwe, inang'aluka mutu ndi kutentha. Ndiye bambo ako anamva zoti kuli kalole konyamula buledi kamene kanagubuduzika pa mlatho. Thupi lonse linaphwanyika, koma injini ili bwinobwino. Tinapita awiri, tinakaizula. Sabata zitatu tili m'galaja muno kuikakamiza kuti ikhale m'nyumba ya eni. Miyendo yake tinawotcherera tokha. Ndiye dzina lolembedwa kumbuyoko ndi la thupi chabe. Mtimawo unachokera kwina."

"Ndamva, madala."

"Wamva chiyani ndisanamalize? Kachitsulo koyezera oilo ka injini ya bulediyo kanathyoka pa ngozi ija. Tinaikamo ka injini yakufa, ndipo kameneko n'kotalika. Kamalowa pansi kwambiri, ndiye kamanama. Oilo akachepa, iko kamati wadzaza. Ine ndi bambo ako tinathira oilo wokwanira, kuchita kumuyeza ndi botolo, kenaka tinacheka kamzere kathu ndi tupa, pamwamba pa zilembo za ku fakitale. Kamzere kameneko ndiye koona. Zilembozo usazikhulupirire. Chinanso, nyale yofiira ya oilo ija siyaka, waya wake anakana kugwirizana ndi injini yobwerayi. Oilo akachepa palibe amene adzakuuze. Ukafuna kumasula chilichonse, ngakhale nati imodzi, undidikire. Loweruka masana ndikhala nditabwera."

"Koma bambo aang'ono akuifuna Loweruka m'mawa."

"Ipite mmene ilili. Iyenda. Usaikhudze basi."

Sipanala anagwedeza mutu, koma chala chinali chikuyendabe pa foni. Abale inu, mwana wovomera ndi mutu maso ali kwina muzimuopa. A Makutu anafufuza ndodo yawo ndi phazi, naitola, n'kumapita pang'onopang'ono m'mbali mwa mpanda.

2. Galimoto kapena mbaula?

Nkhani ya Loweruka inali yotere. Bambo aang'ono, mng'ono wawo wa malemu, ankafuna galajayo kuti azisungiramo katundu wa m'sitolo yawo. Anali atalankhula kale ndi anthu ogula zitsulo zakale kuti adzatenge pikapuyo. Agogo analira mpaka mwana wawoyo anafewa pang'ono. Anagwirizana chonchi: galimotoyo ikanyamula mipando ya bambo aang'onowo kuchoka ku nyumba yawo yakale kukafika ku nyumba yatsopano kuseri kwa chitunda, osafera panjira, ikhala ya Sipanala. Ikalephera, ipita kwa a zitsulo.

Lachisanu m'mawa bambo aang'ono anabwera kudzaiona. Sipanala anailiza. Inalira kamodzi n'kamodzi, koma kumbuyo kunatuluka utsi wabuluu umene unadzaza galaja yonse.

Bambo aang'ono anathawira panja akutsokomola. "Iwe, iyi ndi galimoto kapena mbaula? Ukadzafika nayo kwathu anthu adzathamanga ndi ndowa za madzi!"

"Imafuka ikakhala yozizira, bambo. Ikatentha imasiya."

"Wakuuza ndani? Nkhalamba yosaona ija? Anzawo magalimoto akuwapima ndi kompyuta, iwo akadaika khutu pa boneti ngati azamba." Anaseka okha, napukuta maso ndi mpango. "Tamvera. Mayi ako aang'ono mipando ija amaikonda kuposa ine. Ikakafika ikununkha utsi, ine ndiye ndigona panja. Ndiye ikadzabwera ikufuka chonchi, usadzavutike n'kupakira. Ndidzangowaimbira a zitsulo."

Atachoka, zenera la kukhitchini linatseguka. Agogo ankakhala pamenepo tsiku lonse, chifukwa pa zenera limenelo ankaona geti, galaja ndi msewu nthawi imodzi.

"Ndakuona mmene wayang'anira zida zija," anatero. "Usayerekeze. Bambo ako zitsulo zomwezo zinawadya zala ziwiri ine ndikuona. Ukalowa pansi pa chimenecho uli wekha, jeke n'kuterereka, ndikakuwira ndani ine, miyendo yake ino? Nanga chikayaka moto? Nanga utsi ukakukomola chitseko chili chotseka? A Makutu anati udikire, ndinawamva ndi makutu angawa. Ine sukulu sindinapondeko, za injini sindizidziwa. Koma iwo aja anaiika ndi manja awo, bambo ako atagwira mbali inayo. Mmodzi anapita. Watsala mmodzi, ndipo wanena. Ukufunanso ndani?"

"Sindikhudza, agogo. Ndingopukuta magalasi."

"Magalasi amapukuta ndi sipanala?"

Sipanala anabisa dzanja kumbuyo. Agogo anapukusa mutu, koma zenera sanatseke.

3. Foni ndi buku

M'galaja munali zii. Ovololo ya bambo ake inali pa msomali pomwe anaisiya, mawondo ake atatukukabe. Kalendala inaima pa mwezi umene anagonekedwa m'chipatala. Pa shelefu panali zitini za mkaka zodzaza mabawuti, chilichonse ndi saizi yake, ndi wailesi yopanda mabatire. Kale muno munkakhala anthu, wina kudikira galimoto yake, wina kungobwera kudzacheza. Tsopano ngakhale mphaka wa kwa aneba anasiya kulowamo.

Sipanala anakhala pa mpando wa dalaivala nalemba pa foni dzina lija la kumbuyo kwa galimoto, n'kufunsa chimene chimachititsa utsi wabuluu. Panatuluka bambo wina wa ovololo yoyera mbee, ataima m'galaja yowala ngati chipatala. Bamboyo anati zifukwa zilipo zingapo, koma choyamba kuona ndi oilo. Akachuluka kupitirira chilembo cha pamwamba, injini imamuwotcha, ndipo utsi umatuluka.

Mtsikanayo anatsegula kabokosi ka kutsogolo. Pansi pa nsanza ndi mapulagi akale anapeza buku la galimotoyo, lachikasu ndi ukalamba. Pa tsamba lina panali chithunzi cha kachitsulo koyezera oilo, ndi zilembo ziwiri, cha pansi ndi cha pamwamba. Mawu a m'munsi mwake ankanena zomwezo: osapitirira chilembo cha pamwamba.

Anatsegula boneti, nasolola kachitsuloko, napukuta, nabwezera, nasololanso. Oilo anali atapitirira chilembo cha pamwamba ndi zala zitatu. Analekezera pa kamzere kena kokhota, kokanda ngati kuti mwana ankaseweretsa msomali.

Mawu a a Makutu anawakumbukira, asaname. Anawaimbira foni. Inali yozimitsa. Anadikira pang'ono, naimbanso. Yozimitsabe. Anayang'ana mayina ena onse a m'foni mwake kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo sanapezemo ngakhale mmodzi woti angamufunse za injini.

Anaika kachitsuloko pa bondo. Zilembo za ku fakitale zinali zowongoka, zooneka bwino, zofanana ndendende ndi za m'buku. Kamzere ka tupa kanali kopendekera, mbali ina kozama, mbali ina kosaoneka. Kuno buku ndi foni zikunena chimodzi. Uko nkhalamba imene dzulo lomweli inafufuza ndodo yake ndi phazi.

Koma ndiye ana inu! Bukulo silinaname, ndipo bambo wa pa foniyo sananame. Ankanena za injini imene inafa iye asanabadwe.

Sipanala anakankha chitseko cha galaja kuti chitchinge zenera la kukhitchini. Anayala katoni pansi, natenga beseni lakale, nakwawira pansi pa galimoto. Bawuti ya pansi pa injini inali yolimba, koma inamvera. Oilo anatsika wofunda, wosalala, n'kumadzaza beseni mwakachetechete. Anatseka, nayeza. Anatsegulanso, natsekanso, nayezanso. Kachitatu oilo anaima ndendende pa chilembo cha ku fakitale.

Anailiza naisiya kuti ilire. Utsi unatuluka, kenaka unayamba kuchepa, mpaka unatha. Iye mwini anali atanena m'mawa womwewo kuti ikatentha imasiya, koma zimenezo anaziiwala ndi chimwemwe.

"Mwaona, ababa?" anatero, akuyang'ana ovololo ija. "Ndaikonza ndekha."

Atatuluka ndi beseni anakumana ndi agogo pakhomo, atagwira khoma.

"Mayo ine! Zonsezi wazichotsa m'mimba mwake?"

"Anachuluka, agogo. Buku lanena."

"Bukulo linalipo pamene ankaiika injiniyo? Bwezeramo, mwana wanga. Bwezeramo, ndagwira mwendo wako. Mtima wanga sukukhazikika."

"Mtima wanu sukhazikika ngakhale ndikapita kogula mchere," anaseka Sipanala, naika beseni pakona pa galaja, navundikira ndi katoni.

4. Pa chitunda

Loweruka m'mawa Sipanala anafika kwa bambo aang'ono injini itatentha kale, yopanda utsi. Bambowo anazungulira galimoto kawiri, kununkhiza ngati akufuna nyama yowola.

"Ee, mbaula yazima! Wachita chiyani?"

"Ndaikonza."

"Chabwino, makaniko. Tiona pa chitunda."

Anapakira mipando itatu, kabati ya magalasi, bedi ndi matiresi, namanga ndi zingwe. Mayi aang'ono anachenjeza za kabati yawo kasanu konse. Kenaka awiriwo anakwera basi kuti atsogole kukatsegula nyumba, ndipo Sipanala ananyamuka yekha.

Poyamba zonse zinali bwino. Anadutsa msika, nadutsa sukulu imene anaphunzirako, nawoloka njanji. Pa mpando wa pambali, pamene iye ankakhala bambo ake akamayendetsa, panali sipanala yaikulu ndi botolo la madzi. Nyumba zinayamba kutalikirana. Msewu unayamba kukwera.

Atangosintha giya anamva kaphokoso. Tiki, tiki, tiki, ngati wotchi. Anayang'ana nyale yofiira ya oilo. Inali yozima. Anapuma, naponda mafuta.

Chitundacho chinali chachitali, ndipo katundu anali wolemera. Mphuno ya galimoto italoza kumwamba, oilo wochepa uja anathawira kumbuyo kwa injini, zitsulo n'kutsala zikukhuzana zouma. Tiki tiki uja anasanduka go, go, go, ngati munthu akugogoda chitseko ndi mwala. M'galimoto munalowa fungo la poto wopserera.

Apa mpata unalipo. Akanaima pambali n'kuzimitsa, mwina nkhani ikanakhala ina. Koma pamwamba pa chitunda pankaoneka pafupi, mtengo wa magetsi wachitatu chabe, ndipo nyale ija inali yozimabe. Anagwiritsa chiwongolero, naponda mafuta mpaka pansi.

Injini inakuwa kamodzi, mawu amene Sipanala anali asanawamvepo chibadwire. Kenaka gu! Galimoto inagwedezeka n'kuima. Kumbuyo galasi limodzi la kabati linasweka.

Anakoka buleki ya pamanja. Anatsitsa galasi kuti atsegule chitseko ndi kunja, natsika, naika miyala kumbuyo kwa matayala. Anabwerera napotokola kiyi. Kunangomveka tcha. Anapotokolanso. Tcha.

Boneti inali yotentha moti anaitsegula atakulunga dzanja ndi malaya. Anakoleka sipanala yaikulu ija pa nati ya kutsogolo kwa injini, monga bambo ake ankachitira akafuna kuizunguza ndi manja. Anakoka ndi mphamvu zake zonse. Anaponda ndi phazi. Injini inali itauma gwa, ngati inawumbidwa ndi simenti. Anasolola kachitsulo koyezera kaja. Mu oilo munali tizitsulo tonyezimira ngati mchenga.

Anakhala pansi m'mbali mwa msewu. Magalimoto ankadutsa, ena kumuimbira hutala kuti watseka njira. Ana awiri a pa njinga anaima patali, nayang'ana, napitirira. Dzuwa linafika pamutu. Foni inalira kanayi, dzina la bambo aang'ono likuwala, ndipo kachisanu anayankha.

Bambo aang'ono anafika ndi malole awiri, ina yodzatenga mipando, ina ya a zitsulo. Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoyang'ana kabati, nayang'ana boneti, natambasula dzanja.

"Makiyi."

"Bambo, ndipatseni sabata imodzi yokha. A Makutu akabwera..."

"Tinapangana pamaso pa agogo ako. Ine mbali yanga ndasunga. Makiyi, mwana wanga."

Anawapatsa. Wa zitsulo, bambo wonenepa wa magolovesi ong'ambika, anakoleka tcheni kutsogolo kwa pikapu akuimba mluzu.

"Usadandaule, chemwali," anatero. "Imeneyi yakhalitsa, inayenera kupuma kalekale. Ngati muli kanthu kako tengeratu, chifukwa Lolemba m'mawa timaphwanya."

Sipanala anatenga sipanala ya bambo ake basi. Bambo aang'ono anamuuza kuti akwere pamwamba pa mipando, akamusiya pokwerera basi. Iye anakana. Anaima pomwepo mpaka pikapu yobiriwira inakhota pansi pa chitunda, ikukokedwa ngati mbuzi yokana kuyenda.

5. Wapansi

Njira imene anaiyenda pa galimoto mphindi makumi atatu inamutengera maola atatu. Anawolokanso njanji, nadutsanso sukulu, nalambalala msika kuti asakumane ndi womudziwa. Nsapato inamutupitsa chidendene. Sipanala ya bambo ake ija inkalemera, ndipo ankangoisintha dzanja.

Atakhota pa mpanda wa kwawo anaona a Makutu atakhala pa tayala lija pakhomo la galaja, diso limodzi litamatidwa ndi thonje, mutu utapendekera ku msewu. Agogo anali pa zenera lawo. Atamuona ali wapansi, anagwira pakamwa ndi manja onse awiri.

"Ndi iwe, Sipanala?" anafunsa a Makutu. "Ndakhala pano kuyambira 2 koloko. Zadutsa galimoto zambirimbiri, yathu sindinaimve. Ndamva mapazi okha."

Mtsikanayo anaima chapatali.

Nkhalambayo inakoka beseni lija, limene linali kale pafupi ndi phazi lake, katoni itachotsedwa. Inaviika chala, n'kutikita oiloyo pakati pa zala ziwiri.

"Uyu ndi oilo wabwino. Ndinathira ndekha mwezi wathawu, mpaka pa kamzere."

"Ndinakuimbirani, madala. Kawiri."

"Ndinali pa tebulo la adokotala."

"Buku linati..."

A Makutu anapukuta chala pa buluku. Anatembenuzira nkhope m'galaja, mmene munatsala dontho lakuda pa simenti ndi mizere ya matayala.

"Injini imeneyo ndi chinthu chokhacho chotsala mwa zimene ine ndi bambo ako tinazigwira tonse awiri," anatero motsitsa mawu. "Zina zonse zinapita kwa eni ake. Ili kuti?"

"Kwa a zitsulo."

"Aphwanya liti?"

"Lolemba m'mawa."

"Unayesa kuizunguza ndi sipanala?"

"Yakana."

Nkhalambayo inapuma mozama, kenaka inasendera mbali imodzi ya tayala n'kumenya ndi chikhatho pamalo potsalapo.

"Khala apa. Foniyo uzimitse, uiike pansi pomwe ndingaimve ikugunda. Tsopano undiuze phokoso lililonse limene inachita, kuyambira pansi pa chitunda mpaka pamene inazima. Linayambira kutsogolo kapena kumbuyo, pamwamba kapena pansi. Ndikufuna ndidziwe chimene chafa m'kati mwake Lolemba lisanafike. Usadumphe kanthu, ndipo usadzikometsere."

Sipanala anazimitsa foni naiika pa simenti. Anakhala pa tayala, sipanala ya bambo ake ili pa miyendo. Anatsegula pakamwa kuti ayeseze kaphokoso koyamba kaja, koma misozi inayamba kugwera pa chitsulo.

A Makutu sanamutonthoze. Anangopendeketsa mutu, khutu litaloza kwa iye, nadikira.